Chitini cha ku Mpima

Atate anagwira ntchito ku njanji zaka zambiri, m'shedi momwe ankakonzera mabogi a sitima. Sanali makanika. Ntchito yawo inali kudinda manambala ndi zilembo pa timapuleti tachitsulo tokhomera pa mabogi ndi pa zida. Dzanja lawo linali lodziwika, moti anzawo ankawabweretsera mipeni ndi mbale zodyera kuti awalembere mayina. Ntchito itatha tinatuluka m'nyumba ya kampani n'kusamukira ku Makululu, m'nyumba ya zipinda ziwiri ya njerwa zosawotcha. Tinalipo anayi: atate, amayi, ine mwana wamkazi, ndi mlongo wanga wamng'ono, mnyamata.

Zitini atate anaziyamba m'chaka chachiwiri tili kumeneko. Sindikudziwa chimene chinawayambitsa. Ndinangobwera tsiku lina n'kuwapeza atakhala pa kampando pakhonde, chitini cha mkaka wa ufa chili pakati pa mawondo, akuchikanda ndi msomali.

Kachitidwe kawo sikanasinthe mpaka kumapeto. Chitini chikafika ankachitsuka, n'kuchotsa penti ndi sandipepa, akakhala alibe, ndi mchenga wonyowa pa kansanza, mpaka chitsulo chiyere. Kenako ankachidzaza mchenga n'kutsendera kwambiri kuti akamakanikiza chisapindikire mkati. Ankajambula kaye ndi pensulo. Zida zinali zochepa: msomali waukulu wonoledwa pa simenti, sipoko ya njinga, ndi kahamala kamene anzawo a ku shedi anawapatsa potsanzikana. Msomali unali wa mizere ikuluikulu, sipoko ya mizere yaing'ono ngati nthenga za mbalame, ndipo hamala ankamenyera timadontho. Akamaliza ankapaka polishi yakuda ya nsapato n'kupukuta. Polishi inkatsalira m'mizere, chithunzi n'kuonekera. Pomaliza ankapaka vanishi kuti dzimbiri lisagwire.

Phokoso la msomali pa chitsulo linkalowa m'mano. Amayi ankati atate akukanda zitini. Atate ankati akuzokota, mawu amene anawapeza m'Baibulo, koma pakhomo palibe amene anawatengera.

Zitini zambiri ndinkabweretsa ndine. Nthawi imeneyo ndinkaphika m'nyumba ina ku Highridge, kwa mayi wina wa udindo pa ofesi yake, wa ana atatu okonda mkaka ndi mabisiketi. Zitini zikatha ankati nditaye, ine n'kumaziika m'chikwama. Zina zinkachokera kwa anansi athu otola zitsulo. Iwo ankafuna zolemera zokagulitsa pa sikelo, ndiye akapeza chitini chosapindika ankangochiponya pakhonde pathu akudutsa.

Atate sankagulitsa. Zonse zinali mphatso: za ubatizo, za ukwati, za ana olandira ukaristia koyamba, nthawi zina za munthu amene watuluka m'chipatala. Sankalolanso kuti munthu awauze chojambula. Mayi wina wa mumphakati wathu anapempha mtima wokhala ndi muvi, chifukwa mwana wake ankakwatiwa. Atate anamvetsera, n'kugwedeza mutu ngati avomera, koma tsiku la ukwati anapereka chitini chokhala ndi nkhanga ziwiri zikudya pamodzi. Mayiyo anadandaula kwa amayi. Atate atamva anangoti, "Mtima uja anthu amaujambula pa zipupa za zimbudzi." Nkhani inathera pomwepo.

Mlongo wanga anali wanzeru kusukulu ndiponso wofatsa, ndipo kuyambira ali wamng'ono ankatumikira pa guwa. Atamaliza sekondale anamulandira ku seminale ya ku Mpima. Si kutali ndi tauni, koma tinkamuona patchuthi ndi pa masiku ochezera basi. Kuyambira pamenepo anthu a m'dera lathu anayamba kuitana amayi kuti amake Fada. Amayi ankakana ndi pakamwa, "Awe, akali mwana wa sukulu," koma ankayankha msanga akaitanidwa motero. Atate sankalankhulapo zambiri. Pa masiku ochezera ankavala jekete yawo yakuda, n'kukhala pa benchi pansi pa mitengo, manja ali pa mawondo, akuyang'ana anyamata akudutsa ndi mabuku.

Chaka chomaliza cha mlongo wanga ku Mpima chitayandikira, abwana anga analandira mphatso ya Khirisimasi, chitini chachikulu cha mabisiketi cha ngodya zinayi, chokhala ndi chivindikiro cha mahinji. Chitsulo chake chinali chokhuthalako kuposa cha zitini za mkaka. Mabisiketi atatha ndinachitengera kunyumba. Atate anachitembenuza kangapo, kutsegula ndi kutseka, kugogoda pansi pake ndi chala.

"Ichi n'cha mlongo wako," anatero. "Akatsiriza kuno apita nacho ku Lusaka."

Akamaliza maphunziro a ku Mpima, anyamata ankapita ku seminale ina ku Lusaka, ndipo kumeneko n'kumene ankayandikira unsembe.

Atate anachigwira chitinicho miyezi isanu ndi iwiri. Zitini zina ankamaliza pa sabata imodzi kapena ziwiri, koma ichi ankachigwira m'mawa mokha, dzuwa lisanafike pakhonde, ndipo akaona kuti dzanja latopa ankachikulunga m'chitenje chakale cha amayi n'kuchiika pamwamba pa kabati. Mbali yoyamba anajambula nkhokwe ziwiri ndi mtengo wa mango, kwawo ku Petauke, kumene ife ana tinafikako kawiri kokha, konse pa maliro. Mbali yachiwiri anaika sitima, mutu ndi mabogi atatu, ndipo pa bogi iliyonse panali kapuleti ka nambala kakang'ono ngati njere ya mpunga. Yachitatu inali ya chulu chakuda cha zinyalala za mgodi wa m'tauni mwathu, umene agogo athu aamuna anagwirako ntchito. Anachimenya timadontho tokhatokha ndi hamala kwa masabata atatu, mpaka amayi anayamba kupita kukasankhira nyemba kwa anansi. Mbali yachinayi inali tchalitchi chathu, ndi belu lake lopachika pa chitsulo cha njanji.

Chivindikiro anachisiyira kumapeto. Pa pensulo panali chikho cha pa Misa, manja awiri atachikweza, ndi ngala za tirigu m'mbali. Tirigu atate anali asanamuonepo m'munda. Anakopera pa chikuto cha buku la nyimbo. Anayamba ndi chikho, ndipo anachikanikiza kwambiri kuposa china chilichonse pa chitinicho.

Mlongo wanga anabwera Lachitatu masana, pakati pa teremu. Tsikulo ndinali pakhomo chifukwa abwana anga anali atapita ku Ndola ndi ana. Ndinamuona akuchokera kokwerera minibasi, chikwama chachikulu paphewa, china m'manja, ndowa yake ya pulasitiki itamangiriridwa kumbuyo. Patchuthi ndowa sankabwera nayo.

Anapereka moni atagwada pang'ono, monga ankachitira. Amayi anamupatsa madzi akumwa. Atate anali atakulunga kale chitini, koma mchenga unali udakali pa thalauza lawo.

"Wadwala?" anafunsa amayi.

"Iyayi, amama. Nili bwino."

"Nanga katundu yonse iyi?"

Mlongo wanga anakhala pa njerwa pafupi ndi khomo. "Nachokako," anatero.

Panjira panadutsa munthu wogulitsa makala pa njinga, akuitanira.

"Akuthamangitsa?" anafunsa atate.

"Sananithamangitse. Napempha neka. Abambo otiyang'anira ananiuza kuti niganize mwezi umodzi. Naganiza, mwezi watha."

"Pali mkazi?"

"Palibe, atata."

"Manje ni chani?"

Mlongo wanga anayang'ana pansi. "Kupemphera nipemphera. Mulungu sininamusiye. Koma unsembe siniufuna. Nakhala nidziwa kwa chaka chathunthu. Nenze kuopa imwe."

"Kuopa ife," anatero atate, osati mofunsa.

Amayi ananyamuka n'kulowa m'nyumba. Sitinamve kulira. Tinamva akusuntha mipando ya m'chipinda chochezera, imene sinkafunika kusuntha, kenako anatuluka ndi mphasa n'kuifunyulula padzuwa kuti mwana wawo adzagonepo. Atate anakhala kanthawi, n'kutenga chipewa, n'kupita. Anabwera dzuwa likulowa, ndipo tinadya nshima ndi kapenta ngati tsiku lina lililonse.

Masabata otsatira anali achete. Amayi anasiya kupita kumphakati. Ku Misa ankapita ya m'mawa kwambiri, n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe. Anthu sanachite chipongwe, kupatula mmodzi kapena awiri. Ambiri anangosokonezeka ndi kaitanidwe, moti ankayamba "amake..." n'kutsokomola. Mlongo wanga ankadzuka m'mawa kukafuna maganyu. Anakankha wilibala pa msika, anathandiza amisiri omanga nyumba ina, kenako anayamba kuphunzitsa Chingelezi ana a giredi naini m'kachipinda kobwereka kuseri kwa golosale. Madzulo ankatunga madzi osatumidwa. Iye ndi atate ankapatsana moni bwinobwino, ankakambirana za mvula ndi za mpira wa pa wailesi, basi.

Ine ndinamufunsa kamodzi kokha, tikuchokera ku mpopi.

"Sukanapirira zaka zatsalazi?"

"Zaka nikanapirira, asisi," anayankha. "Koma pambuyo pake ni moyo wonse. Anthu akanabwera kwa ine na mavuto yao, ine nili kuganiza zothawa."

Ndinali wokwiya naye, makamaka chifukwa cha amayi, komanso chifukwa ndinali nditauza kale abwana anga ndi anzanga onse kuti kwathu kudzatuluka wansembe.

Chitini chinakhala pamwamba pa kabati pafupifupi miyezi iwiri. Atate sanagwire chitini china chilichonse nthawi imeneyo. Panachitika ubatizo wa ana asanu ndipo sanapereke kanthu.

Loweruka lina m'mawa ndinamva phokoso pakhonde, koma silinali la msomali. Ndinawapeza ndi sandipepa, akupala chivindikiro. Pensulo ya manja ndi tirigu inali itachoka kale. Chotsala chinali chikho, ndipo chikho sichinkachoka, chifukwa mizere yake inali yakuya. Anapala ndi sandipepa yokhakhala, kenako yosalala, n'kubwereranso ku yokhakhala.

"Chibooka, atata," ndinatero.

"Nidziwa chitsulo kupambana iwe."

Anapitiriza. Chitsulo chinayamba kutentha, n'kupyapyala, moti chinkalowa mkati akachikhudza ndi chala. Dzuwa litafika pakhonde, pa tsinde la chikho panatseguka kabowo kotalika ngati chikhadabo, mchenga n'kuyamba kutuluka. Atate anaika sandipepa pansi n'kumangoyang'ana.

Mlongo wanga anali kuseri kwa nyumba akuchapa malaya. Anabwera ndi manja onyowa n'kuima pambali pawo. Kunali koyamba kuchiona chitinicho, chifukwa atate ankachibisa akabwera patchuthi. Anapukuta manja pa kabudula, n'kuchinyamula ndi mchenga wake womwe, n'kuyamba kuchitembenuza. Anayang'ana nkhokwe. Pa sitima anachedwa, akuwerenga timanambala. Anayendetsa chala pa timadontho ta chulu.

"Chenze changa?"

"Chenze chako."

Anayang'ana chivindikiro. Chikho chinali chikuonekabe ngati chithunzithunzi, mbali ina yofufutika, mbali ina ayi.

"Mukanachisiya chabe," anatero.

"Uyende na chikho cha ansembe, iwe si wansembe? Anthu akaseke?"

"Nenzeko zaka zitatu. Si bodza."

Atate anatenga chitini, n'kukhuthulira mchenga mu beseni, n'kukweza chivindikiro kudzuwa kuti aone kukula kwa bowo. Kenako anafunsa, osamuyang'ana, "Manje niikepo chani apa?"

"Sinidziwa, atata."

"Ukadziwa uniuze."

Ndinayesa kupeza chivindikiro china. Abwana anga sanalandirenso mabisiketi a mtundu umenewo. Ndinafunsa anzanga ogwira ntchito m'nyumba zina za ku Highridge, ndipo anandibweretsera zitini zitatu za ngodya zinayi, koma china chinali chachikulu, china chopanda mahinji, china chozungulira m'makona. Atate anaziyesa zonse n'kuzikana. Chimodzi mwa izo anachigwiritsa ntchito pa ukwati wa mwana wa katekisiti, ndipo umu ndi mmene anayambiranso kukanda zitini.

Amayi anabwerera kumphakati nyengo ya Lenti. Palibe anawakakamiza. Tsiku lina anangovala chitenje cha mpingo n'kunyamula kampando kawo. Atabwera anati amayi ena awiri anawauza kuti nawonso ali ndi abale amene anachoka ku seminale, mmodzi tsopano ndi loya, wina amayendetsa thiraki. Anazinena akusenda anyezi, ngati nkhani ya anthu ena.

Chakumapeto kwa nyengo yozizira mlongo wanga anapeza malo ophunzitsa pa sukulu ina ya mishoni kupitirira Mkushi. Anamuthandiza ndi mmodzi wa ansembe amene ankamuphunzitsa ku Mpima, amene anamulembera kalata yabwino. Anauzidwa kuti afike sabata imodzi sukulu isanatsegulidwe.

Kutatsala masiku atatu, atate anakulunga chitini n'kupita nacho ku msika kwa bambo wina womata mapoto ndi ndowa. Anandiuza kuti ndiwaperekeze, mwina chifukwa maso awo anali atayamba kuvuta pa kuwoloka msewu. Womata mapotoyo anali wolankhula Chibemba, wansangala, ndipo anayamikira sitima kwambiri, n'kuitana anzake awiri kuti adzaone. Anaika kachigamba ka chitsulo kunsi kwa chivindikiro, n'kusungunula mtovu ndi chitsulo chamoto, n'kutseka bowo. Atate anaimirira pafupi nthawi yonseyo, akumuuza pogwira. Kunyumba anasalaza chigambacho, n'kupaka polishi ndi vanishi mbali zonse zinayi. Chivindikiro anachipaka vanishi yokha. Sanajambulepo kanthu. Mlongo wanga anali asanawauze choikapo, ndipo iwo sanafunsenso.

Tsiku lonyamuka tinapita tonse ku siteshoni ya basi m'tauni. Amayi anali atakazinga nshawa ndi kuphika mbatata. Katundu atakwezedwa, atate anatulutsa chitini m'thumba la pulasitiki n'kumupatsa. Mlongo wanga anachilandira ndi manja awiri.

"Zikomo, atata."

"Osaikamo mchere. Chichita dzimbiri."

"Niikamo masatifiketi."

"Na pansi osaika. Simenti ili na chinyezi."

Kondakitala anaitana. Amayi anamugwira mutu n'kumulemba mtanda pamphumi, monga ankachitira akamabwerera ku seminale. Mlongo wanga anakwera, n'kukhala pawindo, chitini chili pa miyendo chifukwa m'chikwama munalibe malo. Basi inachedwa kunyamuka pafupifupi ola, ikudikira kudzaza, ndipo tinangoima pamenepo, zokamba zitatha. Mayi amene anakhala naye pampando anapempha kuona chitinicho, ndipo tinamuona kudzera pagalasi akumulozera mbali imodzi ndi imodzi.

Mlongo wanga akuphunzitsabe konko. Anakwatira mphunzitsi mnzake patapita zaka zinayi, ndipo ali ndi ana awiri. Ndinapitako kamodzi, mwana woyamba atabadwa. Chitini chili pa shelefu m'chipinda chawo. Vanishi yachita chikasu, ndipo hinji imodzi inathyoka, anamangapo waya. Muli masatifiketi ndi makadi a sikelo a ana. Pa chivindikiro palibe chimene chinawonjezedwa.

Atate anapitiriza kukanda zitini zaka zina zitatu, mpaka ng'ala inatseka diso lamanja, lamanzere n'kumaona mwa chifunga. Zomaliza zinali za timadontho tokhatokha, chifukwa ankatha kutimva ndi chala. Anandiphunzitsako pang'ono, koma dzanja langa limathamanga, ndipo msomali umanditerereka pa makona. Ndinapanga ziwiri n'kusiya.

Tsiku lija basi itachoka, amayi anakwera minibasi chifukwa cha miyendo, koma atate anati ayenda pansi, ndiye ndinayenda nawo. Kuchokera m'tauni kukafika ku Makululu ndi mtunda ndithu, ndipo kunali mphepo ya fumbi. Tinayenda mpaka tinawoloka njanji. Pamenepo atate anaima n'kupukuta maso ndi mpango.

"Womata uja sanachite bwino," anatero. "Anachulukitsa mtovu. Nikanakhala na chitsulo chamoto nikanamata neka."

Ndinavomera kuti anachulukitsadi. Tinagula tomato kwa mayi wina wa pamphambano, n'kupitiriza ulendo.